Amake Chitseko ndi Alonda Awo a Mchenga

Munthu aliyense ali ndi kanthu kamene kamamuwiritsa mtima. Amake Chitseko kawo kanali chitseko chomenyetsedwa. Zina zonse ankapirira. Ankapirira kasitomala wobwera ndi kansalu kokwana mpango n'kumafuna diresi lofika m'mapazi. Ankapirira ngakhale mkonono wa amuna awo, umene anansi amati unkasuntha makatani. Koma chitseko chikangoti phaa penapake mumsewu uja, makina osokera ankaima, magalasi ankatsikira pamphuno, mayi n'kutuluka tepi yoyezera ili m'khosi kukasaka wolakwa.

Mwana anali naye mmodzi yekha, wamkazi, ndipo dzina lake silinali Chitseko ayi. Anthu anangoona kuti telalayu amalera zitseko ngati ana obereka yekha, dzina n'kumera. Mtsikanayo akafunsidwa kuti kwawo alipo angati, ankayankha kuti, "Tilipo awiri, ine ndi achimwene anga a Chitseko. Okondedwa ndi iwowo."

Amuna awo, a Kalipentala, mpaka lero amafotokoza nkhaniyi chifuwa chili patsogolo, chifukwa amati popanda iwo mbiri yonseyi sikanakhalapo. Shopu yawo inali ya zipinda ziwiri, kutsogolo kosokera, kumbuyo kopalira matabwa. Pakati panali chitseko chimene a Kalipentala anapachika okha, cholemera, chosalala, koma chamwano. Kamphepo kakangodutsa chinkadzitseka chokha ngati munthu wonyanyala. Tsiku lina mayi ankapeta mkango pambendera ya timu ya mpira ya m'deralo. Singano ili pakamwa pa mkangowo, chitseko chinalira, dzanja linadumpha, mkango n'kutuluka ukumwetulira ngati galu wopempha fupa. Anyamata a mpira anailandirabe mbenderayo, ndipo chaka chimenecho sanawineko.

"Bambo, chitseko chanuchi chilibe mwambo," anatero mayi.

"Chitseko sichilakwa. Ndi mphepo."

"Ndiye kailangizeni mphepoyo."

A Kalipentala anaikapo njerwa. Njerwa inakanda simenti, kenako inasupula chikhadabo cha kasitomala. Anasema kathabwa kosongoka kolowetsa kunsi. Galu wa mnansi anakatenga. Ndiye m'mawa wina anadzuka n'kupeza buluku lawo la jinzi, lija ankalikonda, lili ndi mwendo umodzi.

"Mayi, mwendo winawu uli kuti?"

"Uli pantchito."

Anapita kukaona. Pakhomo lapakati paja panakhala kanthu konenepa ngati buledi wamkulu, kodzaza mchenga, kachogwirira pamwamba, kutsogolo atapetapo hamala ya ulusi wofiira. Mphepo inabwera, chitseko chinanyamuka mwa nthawi zonse, chinagunda mwendo wa buluku lija, n'kuima mwaulemu.

"Ameneyu ndi mlonda," anatero mayi osadzutsa mutu pamakina. "Sagona, sadya, sapempha tchuthi."

"Nanga ine ndivala chiyani?"

"Bweretsani ndidule winawo likhale kabudula. Miyendo yanu si yoipa kwenikweni."

Alonda anayamba choncho. Pasanapite nthawi anthu anasiya kubwera ndi madiresi okha, anayamba kubwera ndi madandaulo a zitseko. Mayi anagula makina ena, opetera, amene ankawapukuta m'mawa uliwonse asanapereke moni kwa munthu. A Kalipentala ankawatcha makinawo mwamuna mnzanga, ndipo akamadutsa pafupi ankawavulira chipewa.

Musaganize kuti mlonda ndi thumba la mchenga chabe. Mukanatero pamaso pa mayi, mukanabwerera ndi nsalu yanu. Choyamba iwo ankapita kukachiona chitseko chenichenicho. "Sindisokera chitseko chomwe sindinachipatse moni," ankatero. Ankachitsegula, kuchitseka, kuchikankha ndi chala, kutchera khutu, eni nyumba ali chilili ngati abale a wodwala podikira dokotala. Kenako ankagamula kuti ichi n'chofatsa, chikufuna mlonda wopepuka, kapena ichi n'chankhanza, chikufuna wamkulu.

Kupeta kunkayamba nsalu ikadali yotambasuka. Ankaimanga mumkombero mpaka ilire ngati ng'oma, kunsi n'kuikako kansalu kolimbitsa kuti ulusi usakwinyitse. Makina akayamba kulira, manja a mayi ankayendetsa mkomberowo uku ndi uku, ndipo pamene panali nsalu yopanda kanthu pankamera tsamba, kenako duwa, kenako mbalame yoti ungaiponyere chakudya. Akatha apo ndiye ankasoka mbali zonse, msoko uliwonse kawiri. Mchenga unkakhala m'thumba lakelake lamkati, ndipo kunsi kunkakhala zipi kuti chovala cha mlonda chizivulidwa pochapa.

Mchengawo inali ntchito ya a Kalipentala. Ankaututa ndi wilibala, kuusefa, kuuyanika palata, mayi n'kubwera kudzaufinya m'manja.

"Ndi wonyowa uwu. Mukufuna mlonda amere udzu?"

Telala wina wa kuseri kwa msika anayesa kutengera luso, koma poona kuti mchenga ndi wovuta anathiramo mpunga. Alonda ake anagwira ntchito sabata yoyamba. Yachiwiri makoswe a m'dera lonse anachita phwando, eni nyumba n'kudzuka kupeza alonda ataphwa ngati matayala. Amake Chitseko atamva sanaseke. Anangoti, "Mlonda wodyedwa ndi akuba," n'kupitiriza kusoka.

Vuto limodzi linali lakuti chithunzi ankasankha okha. Wometa tsitsi wa pakona, amene nkhani za m'nyumba za anthu ankazidziwa eni ake asanazidziwe, anapempha sizasi ndi chipeso. Analandira wailesi.

"Amayi, wailesi ikugwirizana bwanji ndi kumeta?"

"Onani bwino, achimwene. Ndapetaponso pozimitsira. Muziyang'anapo nthawi zina."

Wabutchala anapempha nkhunzi ya ng'ombe yanyanga zazitali. Analandira sikelo, pamwamba pake patakhala chala chachikulu cha munthu, chikhadabo ndi makwinya omwe.

"Ichi ndiye chiyani, amayi?"

"Chala chanu. Ndakhala ndikuchigula zaka zonsezi koma sindinachidyepo."

Wabutchala anatembenuza mlondayo kuti chithunzi chiyang'ane kukhoma. Kumbuyo anapezako chala china. Makasitomala anayamba kubwera kudzaona, kuseka, n'kugula nyama, ndipo mwini wake anazolowera kuyeza manja ali kumbuyo ngati msilikali. Bizinesi inakula, moti pambuyo pake ankauza anthu kuti maganizo a chalawo anali ake.

Koma nkhani imene a Kalipentala amaikonda kwambiri ndi ya wakuba. Mayi anasoka mlonda wa saluni ina yomangira tsitsi, nsalu yonyezimira, maluwa a ulusi wagolide, chogwirira chachikopa. Munthu ukanalumbira kuti ndi chikwama cha mayi wolemera. Chitseko cha kusaluniko chinali chachitsulo, choyang'ana kumphepo, ndiye mchenga umene unalowamo unali woti n'kuyambira maziko a nyumba. A Kalipentala, ali limodzi ndi mayi, anamunyamula mlondayo mpaka pamalo odikirira basi, anamuika pabenchi, n'kuyamba kuwongola msana. Apo n'kuti bambo wina wajekete akuzungulirazungulira. Mwadzidzidzi anatsomphola chikwama chija, liwiro.

Liwirolo linali labwino poyamba. Kenako phewa linapendama. Kenako miyendo inayamba kukambirana. Koma munthuyo sanataye katundu, poganiza kuti cholemera chonchi mkati muli moyo wake wonse.

A Kalipentala anatsegula pakamwa kuti akuwe. Mayi anawagwira mkono.

"Musakuwe, bambo. Akulowera komwe tikupita."

Anamutsatira pang'onopang'ono, akucheza, mayi n'kuimanso panjira kugula ulusi. Anakamupeza atakhala m'mbali mwa ngalande, thukuta lili kamukamu, zipi atatsegula, akuyang'ana mchenga ngati munthu wolandira uthenga wa maliro.

"Pepani ndi ulendo, achimwene," anatero mayi. "Chogwiriracho chinakupwetekani m'manja?"

"Ayi, amayi."

"Sichinathothoke pothamanga paja?"

"Ayi."

"Mwamva, bambo? Munkati misoko iwiri n'kutaya ulusi." Anatembenukiranso kwa wakubayo. "Tsekani zipiyo mumalizitse. Ndi khomo lobiriwira ilo."

Munthuyo ananyamula, anakatula pasaluni, ndipo mwini saluni, posadziwa kanthu, anamuthokoza n'kumupatsa madzi akumwa.

Zonsezi zinali zoseketsa. Imene sinali yoseketsa poyamba ndi ya mkamwini wawo. Mwana wawo uja anakwatiwa ndi dalaivala wa lole, munthu wolimbikira ntchito, waulemu kwa akulu, koma wamtima wapachala. Sankamenya, sankatukwana. Mkangano ukangoyamba ankadzuka, kumenyetsa chitseko, kukwera lole, osaoneka mpaka mkwiyo utamuthera kutali. A Kalipentala anapita kangapo kukabwezeretsa loko ndi kukhoma felemu, osafunsa kanthu, mwana wawo akuwapatsira misomali maso ali pansi. Pobwerera ankayenda njira yaitali kuti nkhope iyambe yawongoka asanafike kwa mayi.

Masana ena mtsikanayo anafika pashopu, khanda kumbuyo, chikwama m'manja.

"Ndatopa, amayi. Munthu sitimaliza naye nkhani. Ndikangoyamba kulankhula, chondiyankha ndi chitseko. Mwanayu akangomva bambo ake akudzuka pampando amayamba kulira."

A Kalipentala anatola hamala. "Chitseko chimene chija ndinapanga ndine. Ndikukachichotsa, aone chomwe azimenyetsa."

"Khalani pansi, bambo. Hamala sinamangepo banja." Mayi anazimitsa makina, chinthu chimene sankachita ngakhale kubwere mlendo wochokera kutali. Anamuyang'ana mwana wawo. "Ukumufunabe?"

Mtsikanayo anagwedeza khanda. "Ndikumufuna. Koma wokhala pansi."

Mayi anaimika ntchito zonse. Anatuma a Kalipentala kukafuna tenti yakale ya lole, yokhuthala moti singano zinathyoka zingapo. Mchenga unasefedwa mpaka a Kalipentala anayera ngati wogwira ntchito kuchigayo. Iwo ankayembekeza kuti papetedwa chilombo choopsa, kapena mawu olasa mtima. Atasuzumira mumkombero anaona mpando. Mpando wamba wamiyendo inayi, wa ulusi wachikasu.

"Basi?"

"Basi. Ndi munthu wanzeru, awerenga."

Anapita onse, mwana wawo patsogolo, mlonda pawilibala. Mkamwini anawalandira akutikita manja, manyazi ali m'maso.

"Apongozi, mwavutikiranji chonchi?"

"Ndamva kuti kuno kumawomba mphepo yambiri," anatero mayi. Anatsegula chitseko mpaka kukhoma, a Kalipentala n'kugubuduzira mlondayo patsogolo pake. "Lamulo lake ndi limodzi, bambo. Wofuna kutseka ayambe wamunyamula ndi manja awiri, amuike pambali mwaulemu. Sakankhidwa ndi phazi."

Mkangano wotsatira sunachedwe. Mkamwini anadzuka, anagwira chitseko, anakoka. Chitseko sichinasunthe. Anakokanso. Ndiye mkwiyo unamuuza kuti amumenye theche mlondayo, osamukumbutsa kuti wavala patapata. Chala chinatupa ngati mbatata. Lole sakanatha kuyendetsa, nsapato sinkalowa, ngakhale kufika pachipata kunali kukambirana. Anakhala pampando, phazi m'beseni la madzi ofunda, ndipo mkazi wake anakoka mpando wina n'kuyamba nkhani zonse zimene zinkadulidwa pakati chikwatiranireni. Anamvetsera, poti kothawira kunalibe. Atatha mkaziyo, nayenso anayamba zake, za mabwana omuopseza kumuchotsa ntchito, za tulo ta panjira, za mantha amene sanauzepo munthu.

A Kalipentala anapitako patapita masiku, ponamizira kukaona loko. Anapeza mkamwini phazi lili pamtsamiro, khanda lili pamiyendo likumukoka ndevu, mwana wawo akuseka kukhitchini. Kuseka kumeneko anali atakuiwala kamvekedwe kake.

"Apongozi," anatero mkamwini motsitsa mawu, "mukawauze amayi kuti mpando uja ndauwerenga."

Mtima wapachala sunathe tsiku limodzi, tisaname. Koma mkamwini amanena yekha kuti pamene munthu wawerama, wagwira ndi manja awiri, wanyamula chimtolo chija n'kuchiika pambali, mkwiyo umakhala watsikira m'chiuno, ndipo chotsala n'kukhala pansi basi. Ana anawonjezekera m'nyumbamo. Loko sanagulukenso. A Kalipentala pofotokoza nkhaniyi amayamba ndi kuseka, koma pothera amavula magalasi n'kumawapukuta nthawi yaitali.

Zaka zinapita, maso a mayi anayamba kuchita chifunga. Kulowetsa ulusi pasingano inakhala ntchito ya a Kalipentala, ndi zala zawo zokhakhala zija, akutukwanizana ndi kabowo, mayi akuwauza kuti ngakhale nkhuku ikanatha msanga. Koma ulusi ukangolowa, manja a mayi ankaidziwa okha njira. Maluwa a zaka zimenezo ndi aakulu kuposa akale, mitundu yake yowala kwambiri, ndipo ena amati ndi amene ali okongola koposa.

Kenako chifuwa chinawagwira, n'kuwagoneka m'chipatala. Chitseko cha chipinda chimene anagonekedwa chinali choduka sipuling'i. Namwino akalowa, phaa. Wobweretsa chakudya akatuluka, phaa. Odwala ankadzidzimuka ngati akuwomberedwa. Mayi, amene mawu anali atayamba kuwathawa, anakodola amuna awo.

"Bambo, mukumva?"

"Ndikumva. Gonani, musaganize za zitseko."

"Kushopu, pashelefu yapamwamba, pali mlonda wa abakha. Kamutengeni."

Namwino wamkulu anakana poyamba, amvekere pansi pa chipatala sipaikidwa katundu wa anthu. A Kalipentala anapempha kuti angoyesa mpaka dzuwa lipendeke. Pofika masana chipinda chonse chinali m'tulo, mpaka agogo ena amene abale awo amati sanagone chibwerereni. Namwino uja anabwera pabedi la mayi akuyenda monyang'ama.

"Amayi, kodi abakhawa ali ndi abale awo?"

Mayi anamwetulira. Ali chigonere, botolo la madzi lili pamkono, anayamba kuyeza zitseko za chipatala ndi khutu. Cha kumapeto kwa khonde chikufuna wolemera. Cha kubafa n'chofatsa, wopepuka akwana. A Kalipentala ankapita kushopu n'kubwera nawo mmodzimmodzi, mpaka shelefu inatha. Mayi anamwalira m'mawa wina kutacha bwino, amuna awo atawagwira dzanja, chipinda chili zii.

Msewu uja ulipobe, ndipo ukayenda umawaona alonda ali pantchito, wina pasitolo, wina pasaluni, wina pakhomo la nyumba, mitundu itayamba kufwifwa koma atakhala mwamphamvu pamalo awo. Kwabwera masitolo atsopano a anthu amene sanawaonepo mayi. Kumeneko chitseko chikamenyetseka, akale a mumsewu amadukiza nkhani, kuyang'ana kushopu kuja, kenako n'kupitiriza motsitsa mawu. Chipinda chakutsogolo a Kalipentala amachisesa tsiku lililonse. Makina opetera anawafunditsa nsalu, ndipo ofuna kugula amauzidwa kuti mwini wake sanasiye mawu.

Tsiku lina kunabwera mayi wina, mphunzitsi wa sukulu ya mkaka ya kutsidya kwa tauni, atanyamula mlonda m'beseni. Panali njovu yopetedwa ndi ulusi wotuwa, koma ana anaikwera zaka zambiri mpaka nsalu inabooka pangodya, mchenga n'kumatuluka.

"Ndinamva mochedwa, bambo. Pepani kwambiri. Ndimati mwina pali amene anatsala ndi lusoli."

"Palibe, aphunzitsi."

"Ndiye ndingokataya?"

A Kalipentala anawayang'ana ngati atukwanidwa. Anatenga beseni lija, anafuna chigamba m'bokosi la zidutswa, analowetsa ulusi pasingano yamanja, n'kukhala pampando wa mayi. Anasoka nthawi yaitali, lilime lili panja. Msoko unatuluka wokhotakhota ngati njira ya woledzera, koma mchenga unasiya kutuluka.

"Zakhala bwino," anatero aphunzitsi.

"Musaname. Akanaona izi akanandimasulitsa, n'kundiuza kuti ndibwerere kumatabwa. Mayi aja sanayamikirepo ntchito yanga chikwatiranireni."

Aphunzitsi anaseka pang'ono. "Inu simukudziwa? Tsiku limene anabwera kudzaona chitseko chathu, anachitsegula, anachitseka, n'kupukusa mutu. Anati, 'Ichi sanapachike amuna anga. Iwo aja chitseko chawo ungachitsegule ndi chala chimodzi. M'tauni muno mulibe wina.' Anatiuza ife tonse, mpaka ophika phala la ana."

A Kalipentala anadzutsa mutu, singano ili m'manja.

"Anatero?"

"Anatero, bambo. Kawiri."

A Kalipentala anabaya singanoyo pakansalu pamene mayi ankabayapo zawo. Analowa kuchipinda chakumbuyo, kunamveka kugobedeza kwa zitsulo, n'kutuluka ndi bokosi la zipangizo, chipewa chili kumutu.

"Chikadali chopendama chitsekocho?"

"Chimakhula pansi."

"Nyamulani njovu yanuyo, aphunzitsi. Tiyeni ndikachione."